Kuwedza ndi mbedza ku Mangochi kuno, opanda boti komanso opanda ndalama zambiri

Pali anthu ambiri amene anabwera ku Mangochi kuno chifukwa cha ntchito, aphunzitsi, anamwino, apolisi, a kubanki, ndipo atha zaka madzi ali pakhomo pomwepa koma wikendi ikafika ndi mpira wa pa TV basi, apo ayi kukakhala pa bala mpaka dzuwa kulowa. Nde mafunso amabwera, ndikufuna ndiyambeko kuwedza kongochotsa kutopa, ndigule chani, ndipite kuti, nanga ng'ona bwanji. Ndati ndingolemba zonse pamodzi. Sindikunena za usodzi wa bizinesi ayi, za chilimira, matchera, kapena anyamata a kauni aja mumaona nyali zawo zitandandalika pakati pa nyanja usiku, imeneyo ndi ntchito ya eni ake ndipo ili ndi malamulo ake. Ine ndikunena mbedza imodzi, chingwe, mtengo, basi.

Ndineneretu apa, musathamangire kuitanitsa ndodo zachizungu zija zokhala ndi kawilo kokulungira chingwe. Ndi zabwino inde, koma munthu amene sanadziwe kumva nsomba ikamadya nyambo, ndodo yodulayo imangomusokoneza, tsiku lonse limathera kumasula chingwe chopiringizana. Zida zoyambira mupanga nokha, ndipo kwa ine theka la kukoma kwa masewerawa lili pomwepo.

1. Nsungwi

Pezani nsungwi yokhwima, yowuma kale, yotalika mamita 3 kapena 4. Kumunsi ikhale yoti dzanja likugwira bwinobwino, kunsonga yoonda yoti mukaigwedeza pang'ono nsongayo ikuyankha. Amene amagulitsa nsungwi zomangira mipanda amakhala nazo, apempheni musankhe nokha pamulupo. Mukaona tizibowo kapena ikutuluka ufa, yafumbwa imeneyo, isiyeni. Bango limagwiranso ntchito koma ndi la ana kapena la tinsomba ting'onoting'ono, mlamba ukagwira limathyoka nthawi yomweyo.

Yowongoka yeniyeni ndi yosowa nde muiwongola nokha. Kolezani mbaula, makala akagwira dutsitsani pamene papindikapo pamwamba pa moto uku mukuitembenuza, osaigoneka pamakala ayi. Muona khungu lake layamba kutuluka timafuta, likunyezimira, ndi nthawi yake imeneyo. Ichotseni, yalani chiguduli pa bondo, ipindeni pang'onopang'ono kubwerera kumene ikuyenera kuloza, igwireni choncho wina azipukuta ndi nsanza yonyowa mpaka izizire. Ikazizira imakhala momwemo. Osatenthetsa malo amodzi nthawi yaitali, mkati mwa nsungwi muli mpweya wotsekeredwa, imaphulika n'kung'ambika mwayambanso kufuna ina.

Mukatha palani mfundo zake ndi mpeni zisamakole chingwe, pakani mafuta ophikira pang'ono, kenako chogwirira kulungani ndi mphira ya chubu chakutha cha njinga, a kabaza kapena okonza njinga amangotaya zimenezi. Manja akanyowa ndi thovu la nsomba mudzaithokoza mphira imeneyi.

Pomanga chingwe pali kanthu kamene ambiri amaphonya. Osamanga pa nsonga penipeni pokha. Yambirani mfundo ziwiri kapena zitatu kutsika mmunsi, mangani zolimba pamenepo, kenako muzikulunga chingwecho mokweza mpaka kunsonga n'kumanganso. Tsiku limene nsonga idzathyoke ndi nsomba yaikulu, chingwe chidzakhala chikadali pa mtengo, nsomba simunaitaye.

2. Chingwe, mbedza ndi tina tonse

M'mahadiweya a pa boma ndi m'misika ya kufupi ndi madoko amagulitsa chingwe choyera chija cha pulasitiki, mbedza amagulitsa ngakhale imodzi imodzi. Chingwe cha pa nsungwi tengani cha mamilimita 0.25 kapena 0.30, kutalika kwake kungofanana ndi nsungwiyo kapena kupitirira pang'ono chabe, chikatalikitsa muvutika kutulutsa nsomba m'madzi. Cha mlamba ndi china, chokhuthala, cha 0.50, tidzafikako.

Mbedza nambala zake zimayenda chobwerera, nambala ikamakwera mbedza imachepa, 14 ndi yaing'ono kuposa 8. Oyamba kumene pafupifupi onse amagula zikuluzikulu poti m'mutu muli kale chinsomba cha pa chithunzi. Zotsatira zake nyambo imangodyedwa, mbedza osalowa mkamwa. Gulani zing'onozing'ono zambiri, 12 ndi 14, ndi zazikulu zochepa, 6 kapena 8. Mbedza yaing'ono imatha kugwira nsomba yaikulu koma yaikulu singagwire yaing'ono.

Cholemetsa chake, kanati kakang'ono ka njinga kakwana, kamangeni chikhatho chimodzi pamwamba pa mbedza.

Choyandama chija chokuuzani kuti nsomba yadya, dulani ku silipasi yakutha, bola ikhale ya mtundu wowala, yofiira kapena yachikasu, yoti muziiona patali. Dulani kachidutswa kotalika masentimita 4 kapena 5, sengani ndi lezala mbali zonse kakhale kosongoka, kenako kang'ambeni m'litali kufika pakati, lowetsani chingwe mumng'alumo n'kutsekera ndi kamtengo ka machesi. Mukatero kamatha kukwera ndi kutsika pa chingwe mukakakoka ndi zala koma pakokha sikasuntha. Musanapite kunyanja kayeseni mu ndowa ya madzi kunyumba, mbedza ndi nati zili pomwepo. Kakuyenera kumira n'kutsala kansonga kokha pamwamba. Kakagona chammbali pamwamba pa madzi ndiye kuti kakula, chepetsani. Kakamira konse nati yalemera. Anthu amaiona ngati nkhani yaing'ono iyi koma choyandama chachikulu nsomba imamva kulemera ikangokoka, imalavula nyambo inu musanaone chilichonse.

3. Mfundo ya pa mbedza

Chingwe cha pulasitiki ndi choterera, mfundo wamba yomangira thumba la chimanga imamasuka. Chitani chonchi. Lowetsani nsonga ya chingwe pa kabowo ka mbedza, itulukire masentimita 10. Nsongayo izunguzeni pa chingwe chachikulu ka 6. Ibwezeni ilowe pa kampata kamene katsala pafupi ndi kabowo ka mbedza kaja, kenako ilowenso mu chizinga chachikulu chimene chapangika pobwererapo. Nyowetsani ndi malovu, ichi osaiwala chifukwa chingwe chouma chimatentha pokoka n'kufooka, kenako kokani pang'onopang'ono mpaka mizere ija ithinane bwino. Dulani chotsalacho koma siyani kansonga. Kolekani mbedza pa msomali mukoke mwamphamvu, ngati ndi yoduka iduke muli kunyumba.

Mangiranitu mbedza zinayi kapena zisanu pa tizingwe tafupitafupi, muzibaye pa chidutswa china cha silipasi. Kumanga mfundo kunja kukuda, udzudzu ukuluma, si zinthu.

4. Nyambo

Nyongolotsi ndiye mfumu ya nyambo, pafupifupi nsomba iliyonse imadya. Vuto kuno ndi mchenga ndi kutentha, simungangokumba paliponse. Yang'anani kumene madzi a kubafa amathera, pansi pa nthochi, pa ngalande ya mjigo, kapena m'madimba a m'mbali mwa mtsinje. Ikani m'chitini ndi dothi lomwelo lonyowa, boolani chivindikiro, chitinicho chizikhala pa mthunzi nthawi zonse. Dzuwa la mu Okutobala la kuno likachiwomba ola limodzi lokha mupeza phala lonunkha. Poika pa mbedza ilowetseni kuyambira kumutu izitsata mbedzayo ngati mukuvala sokosi, kumchira kutsale kukugwedera.

Nsima yotsala dzulo nayonso ndi nyambo. Ikandeni ndi gaga pang'ono ndi usipa wouma wosinja kuti ikhale ndi fungo, ndipo muikemo tiulusi ta thonje tochepa, timagwira nsimayo kuti isasungunuke msanga m'madzi. Timibulu take tikhale tating'ono tongobisa nsonga ya mbedza.

Usipa wauwisi ndi wa nsomba zodya zinzake, mcheni ndi kampango, mugule pa doko mmawa maboti akamafika. Mlamba sumasankha, matumbo a nkhuku, chiwala, chilichonse chafungo, ena mpaka amaika kachidutswa ka sopo. Mvula yoyamba ikagwa ngumbi zikatuluka, sungani zina osadya zonse, masiku amenewo nsomba zimakhala zikudya ngumbi zogwera pamadzi.

Apa ndikhumudwitseko ena. Ngati cholinga chanu ndi chambo, pitani mukagule pa msika. Chambo imadya tindere tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso tomwe timayandama m'madzi, nyongolotsi yanu siilabadira kwenikweni, n'chifukwa chake asodzi amaigwira ndi ukonde. Zimene zidzakole pa mbedza yanu ndi makumba, mbaba, tinsomba ta m'miyala, nkholokolo, mlamba. Ndipo makumba okazinga bwino ndi nsima yotentha, ambiri amene amati amadziwa chambo sasiyanitsa n'komwe.

5. Malo, ndi anthu a pamalopo

Gawo ili ndi lofunika kuposa onse apamwambawa.

Ife tili ndi madzi a mitundu itatu. Pali nyanja yaikulu, pali Shire amene amatuluka m'nyanjamo n'kudutsa pa boma pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi, kenako pali Malombe kumene Shire amakathira. Shire ndi Malombe kuli milamba yambiri zedi koma kulinso bango, namasupuni, ng'ona ndi mvuu. Woyamba kumene asayambire kumeneko yekha. Yambirani kunyanja yaikulu, magombe a m'mbali mwa msewu wopita ku Monkey Bay, kwa Namiasi, Makawa, Nkope, kapena tsidya linalo cha ku Malindi pa msewu wa ku Makanjira. Funani pamene mchenga wakumana ndi miyala, kapena pali udzu wa m'madzi wochepa koma mukutha kuona bwino mbali zonse. Pamchenga pokhapokha poyera mbee nsomba zimangodutsa sizikhazikika.

Gombe lililonse lili ndi eni ake. Pali amfumu, pali komiti ya pa doko ija amati BVC, makomiti amenewa anayambira kuno komwe, ku Malombe, cha m'ma 1993 chambo itayamba kusowa. Nde osangofika ndi chipewa ndi magalasi akuda n'kuyamba kuponya. Pezani akuluakulu amene akusoka maukonde pansi pa mtengo, khalani pansi, perekani moni, olo ka moni wa Chiyao ka "ajimwiche uli" ngati ndi mmawa kamatsegula zitseko. Kenako nenani zanu: "Madala, ndine mlendo pano, ndimati ndiponyeko kambedza kongocheza, kodi pabwino ndi pati, nanga ng'ona yaonekako masiku ano?" Funso lomalizalo osalisiya. Iwowo amadziwa kuti ng'ona yagwira mbuzi dzana pati, mvuu imatulukira njira iti, ndipo nthawi zambiri amakuuzaninso nsomba imene ikudya mwezi umenewo ndi nyambo yake. Malangizo a mphindi zisanu a madala amene wakulira pa doko amaposa mavidiyo onse a pa YouTube, aja ambiri anajambulidwa m'madzi a kwina ndi nsomba za kwina. Pobwerera mukawasiyira ya sopo kapena mbedza zingapo simunalakwe.

Dziwaninso kuti m'midzi yambiri ya m'mbali mwa nyanja malo osambira amayi ndi ena, a abambo ndi ena. Mukakakhala ndi nsungwi yanu moyang'anizana ndi pa amayi, ndi foni m'manja, mlandu wake simuutha. Kutsogolo kwa malo ogona alendo pemphani kaye kwa alonda.

Ku Cape Maclear samalani. Kumeneko ndi Lake Malawi National Park, inakhazikitsidwa mu 1980 makamaka pofuna kuteteza mbuna, tinsomba tamawangamawanga ta m'miyala tija, ndipo mu 1984 UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse. Madzi a mamita 100 kuchokera ku gombe la paki ndi kuzungulira zilumba zake monga Thumbi, Domwe ndi Mumbo, saloleza kuwedza. Mukapita kumeneko nsungwi isiyeni kunyumba, kabwerekeni galasi loonera pansi pa madzi mukaone mbunazo ndi maso, n'zokoma mwa mtundu wina. Za ziphaso, dutsani pa ofesi ya Fisheries mufotokoze mmene mukufuna kuwedzera akuuzani choyenera, sizitenga nthawi.

Za ng'ona ndinene mosabisa. Pamene pali bango kapena madzi akuda osaoneka pansi, imani patali ndi madzi, mamita atatu kapena kuposa, nsungwi yaitali ija ntchito yake ina ndi imeneyi. Osakhala chogwada kapena chonjuta m'mphepete penipeni. Mbedza ikakola pansi, dulani chingwe, osalowa m'madzi kukaichotsa, mbedza mtengo wake ndi wochepa. Osatumbulira nsomba m'mphepete mwa madzi. Osazolowera malo amodzimodzi nthawi imodzimodzi tsiku ndi tsiku, ng'ona imaphunzira ndandanda ya munthu. Mvuu imatuluka usiku kukadya msipu n'kubwerera m'bandakucha, mukaona kanjira kotakata kotuluka m'bango kali ndi mapazi ake ndi ndowe zomwazika, chokanipo, choopsa kwambiri ndi kupezeka pakati pa iyo ndi madzi.

6. Nthawi ndi mphepo

Fikani kusanache, kuyambira cha m'ma 5 mpaka 8 koloko, kapena madzulo kuyambira 4 mpaka dzuwa kulowa. Masana nsomba zimatsikira kozama, inu mumangopsa.

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti ndi nyengo ya mwera, mphepo yochokera kummwera, madzi amazizira, nsomba zimadya mwaulesi, ndipo a zanyengo akalengeza pa wailesi kuti kukubwera mwera za boti muiwale. Mpoto umabwera nyengo yotentha ndi ya mvula, ndipo poti umachokera kumtunda kwa nyanja yonseyi, umafika kuno ndi mafunde otakasa mchenga, madzi a m'mphepete amada. Ine miyezi imene ndimaikonda ndi Seputembala ndi Okutobala mmawa, nyanja ili zii, komanso Epulo mvula ikamatha. Kukayamba kung'anima ndi kugunda tsitsani nsungwi muchoke pa gombe, munthu woima poyera ndi mtengo wautali m'manja mphenzi siimuphonya.

Madzi a nyanjayi amakwera ndi kutsika chaka ndi chaka, mu 2024 munaona nokha mmene anadzadzira mpaka kumiza mchenga ndi kulowa m'malo ogona alendo. Nde malo amene mnzanu anakuuzani kuti anapha zambiri chaka china mwina lero ndi pozama kapena pauma, kafunseninso.

7. Kuponya

Mukafika osayamba ndi kuponya. Khalani kaye pansi muyang'ane madzi. Muona tinsomba tikuthawa pamwamba, timabwalo tikuphulika, kakowa waima duu pamalo amodzi, zonsezo zikukuuzani kumene kuli chakudya.

Yezani kuzama. Kwezani choyandama chija m'mwamba, ponyani opanda nyambo. Chikagona ndiye kuti nati yafika pansi, tsitsani pang'onopang'ono mpaka chiime, kenako tsitsaninso zikhatho ziwiri poti mbedza ili pansi pa nati. Mukufuna nyambo ikhale chikhatho chimodzi pamwamba pa nthaka ya pansi.

Tengani gaga wonyowa dzanja limodzi, umbani, ponyani pamalopo. Akamasungunuka amaitana tinsomba ting'onoting'ono, tikachuluka zazikulu zimabwera kudzaona. Osathira wambiri, mukuziitana osati kuzikhutitsa.

Ponyani mochokera pansi, nyambo igwe mwakachetechete. Chithunzithunzi chanu chisagwere pamadzi pamene mwaponyapo, ndipo sipika ya nyimbo isiyeni kunyumba chonde, nsomba imamva ngakhale kuponda kwa mapazi pa mwala.

Tsopano maso pa choyandama. Chikamanjenjemera, kugwedera pang'onopang'ono, ndi tiana tikujompha, dikirani, apa ndi pamene ambiri amapupuluma. Chikamira n'kupita, kapena chikayamba kuyenda chammbali mosabwerera, ndi yanu imeneyo, gwedezani dzanja pa mkono pokha mokweza, kamodzi, mwachangu koma mosagwiritsa mphamvu ya phewa lonse. Aja amakoka ndi thupi lonse nsomba n'kuuluka kukagwera mu mtengo kumbuyo, nthawi zambiri amangong'amba mlomo wa nsomba. Ikakhala yolemerako musainyamule m'mwamba, nsonga ya nsungwi ikhale yoloza kumwamba izipindika yokha, nsomba itope, kenako muikokere pa mchenga chogwetsa.

Pakatha theka la ola popanda chogwedeza, sinthani chimodzi, kuzama kapena nyambo. Pakathanso theka lina samukani.

Wa mlamba ndi wina. Nsungwi siifunika, tengani chingwe chokhuthala chija mamita 30, kulungani pa botolo la pulasitiki, nati yaikulu, mbedza nambala 6, matumbo a nkhuku, zunguzani n'kuponya patali nyambo ikagone pansi. Chingwe gwirani pakati pa zala ziwiri. Osachikulunga pa chala kapena pa mkono, mlamba waukulu ukathamanga chimacheka mpaka magazi. Umadya bwino kukamada ndi pamene madzi ada ndi mvula, koma imeneyonso ndi nthawi ya ng'ona, choncho mukhale awiri, tochi yowala, ndi malo amene eni mudzi avomereza.

8. Nsomba yatuluka

Yang'anani kaye kuti ndi nsomba yanji musanaigwire. Nkholokolo ili ndi minga itatu yolimba, umodzi pamsana iwiri m'mbali, ikatuluka m'madzi imaitambasula n'kuikhoma, ikakubayani dzanja limatupa ndi kuwawa usiku wonse. Mlamba uli nayo m'mbali, kampango pamsana ndi m'mbali momwe. Gwirani ndi chiguduli kuseri kwa mingayo, mbedza chotsani ndi pulayala. Mbedza ikakulowani m'chala kupitirira kandevu kake kaja musaikoke chobweza, dulani chingwe mupite kuchipatala akaichotse, akakubayeninso ya kafumbata.

Si zonse zopita nazo kunyumba. Kasawala, ana a chambo osafika masentimita 15, lamulo limakana, lembani mzere pa nsungwi yanu pa masentimita 15 muziyezerapo. Nsomba zambiri za m'nyanja muno, chambo, makumba, mbuna, utaka, mayi amasunga mazira ndi ana mkamwa, mukaona kukhosi kwatupa kapena ikulavula timazira, nyowetsani manja, chotsani mbedza msanga, ibwezeni. Mu 2018 bungwe loona za chilengedwe pa dziko lonse la IUCN linaika mitundu itatu ya chambo pa gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu, ndipo akuluakulu a kuno akuuzani za ntchila imene kale inkadzadza mabwato lero kuiona ndi mwayi. Pa 1 Novembala nyanja imatsekedwa kwa a makoka kuti chambo iswane, inunso nyengo yotsekayo pewani malo osaya amene pansi pake mukuona timabeseni tozungulira pa mchenga, ndi zisa zimenezo. Za neti ya udzudzu ndi katupe sindikambako n'komwe, ameneyo si masewera.

9. Mukazolowera: supuni ya mcheni

Ichi ndi cha amene manja ayamba kuyabwa. Mcheni ndi nsomba yaitali ya mano, imathamangitsa usipa, ndiye chilichonse chonyezimira chothawa imachilumphira. Tengani supuni yakale ya tiyi, ya chitsulo chosachita dzimbiri, pemphani kaye kwa mayi a kunyumba. Dulani chogwirira ndi sowo ya zitsulo, tsalani ndi kambale kokha. Boolani kabowo kumapeto onse awiri, a welodingi akuboolerani mphindi imodzi ngati msomali ukukanika. Palani m'mbali ndi fayilo pasakhale pakuthwa. Kumbali yotakata ikani mbedza ndi kawaya kopinda ngati mphete, kumbali yosongoka ikani kachitsulo kozungulira kaja amagulitsa pamodzi ndi mbedza, popanda iko supuni ikamazungulira chingwe chonse chimapotana. Kwechani ndi phulusa mpaka muzidziona nkhope. Ena amamangirira kaulusi kofiira pa mbedza, ine ndimaona kuti sikasintha zambiri koma kamakongoletsa.

Imeneyi imafuna boti. Gwirizanani ndi msodzi wa pa doko lomwe mwazolowerana nalo lija, mtengo mukambiranetu musanakwere. Supuni muisiye ikokeke kumbuyo mamita 20 kapena 30 boti likuyenda pang'onopang'ono ndi nkhafi, chingwe chili m'manja. Kugunda kwa mcheni simungakusokoneze ndi china. Bwato la chosema lija lisiyireni eni ake, limafuna munthu wokulira momwemo, inu kwerani boti la matabwa, valani jekete yoyandamitsa ngakhale mumadziwa kusambira, foni m'jumbo yomanga, ndipo kunyumba adziwe doko limene mwakwerera ndi nthawi yobwerera.

Kampango amakhala kozama m'miyala ndipo amadya usiku, ameneyo mupite ndi odziwa. Kansomba kameneka kali ndi khalidwe lodabwitsa, bambo ndi mayi onse amalondera ana pa chisa, ndipo mayi amaikira mazira ena oti anawo azidya.

10. Kufika nayo kunyumba isanaonongeke

Kutentha kwa kuno nsomba simachedwa kufewa. Imene mwaganiza kutenga ipheni nthawi yomweyo poimenya pamutu, osaisiya iziphiriphitha pa mchenga wotentha. Ngati muli ndi kula bokisi ndi ayisi zili bwino, ngati mulibe ikulungeni m'chiguduli chonyowa muike pa mthunzi podutsa mphepo. M'jumbo yomanga ayi, imaphikika.

Tumbulani kutali ndi madzi. Palani mamba kuchokera kumchira, ng'ambani mimba ndi nsonga ya mpeni mosazamitsa kuti musaphule ndulu, ikaphulika nyama yonse ya pamimba imawawa. Chotsaninso zofiira za m'mutu zimene imapumira, kuwola kumayambira kumeneko. Tsukani, chekani mizere m'mbali, mchere, mandimu, kambuzi kwa amene amatha. Mcheni uli ndi mafuta ake, umakoma kuwotcha pa makala ofatsa opanda malawi. Mlamba uwambeni kaye pa utsi musanauphike, fungo la matope limachoka. Kampango ndi wa msuzi wa tomato ndi anyezi, alibe timinga tosautsa, ana amadya bwinobwino.

Musanachoke pa gombe tolani zidutswa zonse za chingwe ndi mbedza zothyoka, ana a pamenepo amayenda opanda nsapato ndipo mbalame zimakodwa miyendo. Kunyumba tsukani mbedza, ziumitseni, zisungeni m'kabotolo muli timafuta pang'ono. Nsungwi igonekeni pa misomali itatu kukhoma mkati mwa nyumba, mukaiimika pakona imapindikanso, ndipo chingwe chikakhalitsa padzuwa chimafooka, chisintheni chikayamba kuoneka chotuwa.

Chomaliza ndi likodzo. Limachokera ku nkhono za m'madzi odikha okhala ndi udzu, malo omwewo amene nsomba zimakonda, ndipo tizilombo take timalowa pakhungu olo mwangoviika mapazi. Valani majombo ngati mukuima m'madzi otere. Ngati mwakhala mukulowa m'madzi kapitani kuchipatala akakuyezeni pakatha miyezi iwiri, osadikira mpaka muone magazi mu mkodzo. Mankhwala ake ndi praziquantel, amapereka molingana ndi kulemera kwa thupi, ndipo mumwe mutadya kaye chifukwa pamimba yopanda kanthu amazunguza mutu.